Tsiku Limene Ndinavota Maso Onse Ali pa Ine

Mphatso ndi Dalitso, ana anga, mwakhala mukundifunsa chifukwa chake a Gondwe, munthu amene munakula mukumutchula kuti agogo, sanabwere pa ukwati wa Mphatso ngakhale kuti khadi ndinakapereka ndekha pakhomo pawo. Nthawi zonse ndakhala ndikukuyankhani mozemba. Tsopano ndapuma pa ntchito, maso ayamba kuchita chidima, ndiye ndati ndilembe zonse mwadongosolo monga ndinkalembera makalata a ku ofesi, kuti mudzaweruze nokha. Sindikupepesa kwa munthu, ndikungofotokoza mmene zinayendera.

Ndili ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri

Ndinafika ku Mzuzu mwezi wa Epulo kuchokera kwathu ku Dedza, nditanyamula sutikesi imodzi ndi satifiketi ya kutayipa. Ndinkadziyesa katswiri pa nkhani ya kuzizira, poti Dedza ndi Dedza, koma kamvula kowaza ka kuno kanandiphunzitsa ulemu: zovala zinkatha masiku atatu pachingwe osauma. Ntchito ndinaipeza pa kampani ina yonyamula katundu, imene inatha kalekale. Bwana wa nthambi ya kumpoto anali a Gondwe, munthu wamtali, wa tayi tsiku ndi tsiku, wosadziwa kuseka nthawi ya ntchito. Tsiku loyamba anandipatsa kalata kuti nditayipe. Ndinalakwitsa chilembo chimodzi, iwo anachizunguliza ndi bolopeni yofiira n'kundibwezera. Ndinabwereza kanayi konse, misozi ili m'maso. Kachisanu anawerenga, anasayina, kenako anandiuza kuti chimene mlembi walemba ndicho chimatsala anthu onse atachoka, choncho ndizilemba zoona zokhazokha. Kuyambira tsiku limenelo anayamba kunditchula kuti Nyaphiri, monga amatchulira akazi kuno, ndipo ine ndinazolowera kuwatchula kuti adada.

Zinali zaka za kusowa. Riboni ya taipi inkatha miyezi osapezeka, ndiye tinkadontheza inki ya chidindo yosakaniza ndi parafini pa yakale kuti iyambenso kulemba. Pepala la kaboni tinkaligwiritsa ntchito mpaka kumaonekera kuwala, ndipo envelopu iliyonse yobwera tinkaimatula bwinobwino n'kuitembenuza kuti ipitenso ulendo wina. Zala zanga zinali zakuda sabata yonse, moti ku tchalitchi ndinkachita manyazi kupereka moni wa dzanja. A Gondwe sankalola kuti kusowako kuoneke pa kalata. Ankati kasitomala sayenera kudziwa mavuto a m'nyumba mwathu.

Patapita zaka zitatu ananditumiza ku Karonga. Kumeneko ndinakumana ndi bwana wina amene ankandiuza zolemba ali chigonere pa benchi pansi pa mtengo wa mango, ndipo mawa lake ankakana kuti sananene zimenezo. Kutentha kwake pepala linkamatirira pa mkono. Ndinapirira zaka ziwiri, mpaka a Gondwe anandiitanitsanso ku Mzuzu, akuti makalata a amene analowa m'malo mwanga ankawadwalitsa mutu. Nditabwerera ndi pamene ndinakwatiwa ndi bambo anu, amene anali makaniko pa kampani yomweyo.

Chaka chimene bambo anu anamwalira

Dalitso anali ndi zaka ziwiri. Nyumba imene tikukhalayi inali ya kampani, yolembedwa m'dzina la bambo anu, ndipo lamulo linkati mkazi wamasiye atulukemo pakatha miyezi itatu. Giredi ya wotayipa sinkapatsidwa nyumba. Kalata yondiuza kuti ndisamuke inadutsa pa desiki panga pomwe, ndinaidinda ndekha kuti yafika. A Gondwe analembera ku likulu katatu, osayankhidwa. Ndiye tsiku lina anakwera basi ulendo wa ku Blantyre, anakakhala pa benchi panja pa ofesi ya akuluakulu masiku awiri, ndipo anabwerako ndi pepala loti ndikhalebe. Sanandiuze kuti avutika bwanji, ndinamva kwa ena. Anangoliika pa desiki panga n'kuti ndiliike mu fayilo. Ndikufuna mudziwe zimenezi musanawerenge zotsatirazi, chifukwa munthu ameneyu ndiye anamenyera nkhondo denga limene munakulira pansi pake.

Chaka chimene kampani inatha

Kampani itagwa, nyumba zake makumi atatu ndi ziwiri za mbali ya ku Lupaso kuno anatigulitsa ife antchito. Tinasangalala sabata imodzi yokha. Kenako tinazindikira kuti palibenso wotola zinyalala, wokonza msewu kapena wotsegula ngalande, poti zonsezo inkachita ndi kampani. Nyumba zathu zili m'mizere iwiri yotsetsereka kulowera kudambo, ndiye madzi a mvula akachoka kumtunda kwa a Gondwe amathera kwa anzathu a kumunsi. Tinagwirizana zokhazikitsa komiti ya eni nyumba.

Malamulo ake ananena ndi a Gondwe, akuyendayenda pakhonde pawo manja ali kumbuyo, ine ndikutayipa pa taipi yakale imene ndinatsala nayo. Analipo masamba awiri. Komiti izikhala zaka zitatu, ndipo munthu asapitirire materemu awiri pa udindo. Nyumba iliyonse voti imodzi. Povota onse azitsinzina n'kukweza dzanja, kuti anansi asadane, ndipo wowerenga manja akhale mlembi yekha. Mlembiyo asavote, pokhapokha mbali ziwiri zitafanana. Pa mfundo yomalizayi ndinaseka, ndinawafunsa kuti zimenezo zingachitike liti pakati pa anthu amene amavomera chilichonse bwana asanamalize kulankhula. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kuti ndilembe basi.

Komiti yoyamba inatuluka ngati ofesi yathu yakale yasamukira panja. Bwana anakhala wapampando, wowerengera za chuma anakhala msungichuma, wotayipa anakhala mlembi, madalaivala n'kukhala mamembala wamba. Palibe anadabwa, ngakhale ine. Pa nthawiyo n'kuti nditapeza ntchito ya ulembi pa sukulu ina yoima payokha ku Luwinga, kumene ndinagwira mpaka kupuma, ndiye za komiti ndinkachita Loweruka. Kunena zoona, zaka zoyambirira a Gondwe anagwira ntchito. Msewu unathiridwa miyala, dzenje la zinyalala linakumbidwa, ndipo pa maliro pathu pankakhala dongosolo loti anthu a madera ena ankasirira.

Vuto linali chisankho. Zaka zitatu zikatha tinkakumana mu Disembala pabwalo la a Gondwe. Ndikangowerenga kuti tafika pa mfundo ya chisankho, a Chirwa, amene anali dalaivala wa a Gondwe ku kampani, ankadzuka msangamsanga n'kufuula kuti, "Omwewa apitirize, tawonga chomene!" Anthu ankaomba m'manja, azimayi n'kululutira, wina n'kuyambitsa pemphero lotsekera. Ine ndinkalemba m'maminitsi kuti komiti yasankhidwanso. Chaka chachitatu zinali zololeka. Chaka chachisanu ndi chimodzi materemu athu awiri anali atatha, ndipo ndinkadziwa bwino lomwe, koma ndinalemba. Chachisanu ndi chinayi ndinalembanso. Ndinkadziuza kuti palibe akudandaula, koma choona chake n'chakuti ndinkaopa kuyang'ana a Gondwe m'maso.

Chaka cha khumi ndi chiwiri cha komiti

Pofika nthawi imeneyi anzathu ambiri a ku kampani anali atamwalira kapena kugulitsa nyumba n'kubwerera kumudzi. Munalowa anthu atsopano, aphunzitsi, anamwino, ochita malonda, amene sanamuonepo bwana Gondwe wa bolopeni yofiira. Iwo ankangoona mkulu wokalamba wokonda misonkhano. Kalavati ya kumunsi, paipi yodutsitsa madzi pansi pa msewu, inali itatsekeka ndi dothi, ndipo mvula ikagwa madzi ankalowa m'nyumba zinayi zomalizira. Anthu anapempha kuti angotenga makasu akumbe. A Gondwe anakana, akuti zinthu zili ndi ndondomeko yake, pafunika kakomiti kena kofufuza kaye kenako lipoti. Nkhaniyo inakhala pa ajenda nyengo zitatu za mvula, ine ndikuitayipa mokhulupirika mwezi ndi mwezi.

Mmodzi mwa anthu a kumunsiwo anali a Saidi, a ku Mangochi, amene ali ndi golosale mumsika. Loweruka lina m'mawa anabwera kwathu. Podutsa pakhomo pawo dzulo lake ndinali nditaona matiresi awiri atayanikidwa pa mpanda, ndiye ndinadziwa chimene chawabweretsa. Anakhala pansi, anafunsa za moyo, kenako anati:

"Mayi, ine ndine mlendo, malamulo a kuno sindiwadziwa. Kodi komiti yathuyi ili ndi tsiku lothera, kapena ndi ya mpaka Mulungu adzaitane?"

Ndikanatha kuwayankha zozungulira, koma ndinalowa kuchipinda n'kutenga fayilo. Anawerenga masamba awiri aja pang'onopang'ono, chala chikuyenda pansi pa mzere uliwonse. Atamaliza anandibwezera ndi manja awiri n'kunena kuti ndinatayipa bwino kwambiri. Kenako anatsanzika. Chibadwire sindinachitepo manyazi ngati tsiku limenelo, moti ndikanakonda akanangondilalatira.

Lolemba lake ndinapita kwa a Gondwe. Ndinawapeza akudulira maluwa a mpanda, atavala juzi ndi tayi yemwe. Ndinawauza kuti Disembala ameneyu ndiitanitsa chisankho chenicheni, ndipo ife tonse a komiti yakale sitingaimenso. Anapitiriza kudula kwa kanthawi. Kenako anandifunsa ngati sindimamva m'manja mmene anthu amaombera, ndipo anati ngati vuto ndi lamulo, lamulolo analipanga ndi iwo, likhoza kuchotsedwa. Ndinavomera kuti mfundo yochotsa malire a materemu ndiiika pa ajenda, koma idzavoteredwa monga mwa malamulo, osati ndi m'manja. Anaika sizasi pansi.

"Nyaphiri, mwayamba kundiwerengera malamulo ine?"

"Ndi anu omwe, adada. Ine ndinangotayipa."

"Okay. Chitani ntchito yanu, Madam Secretary. Muzaona mwekha."

Masabata atatu otsatirawo sindinadye bwino. Ndinkati ndikayang'ana kudenga, ndinkaona munthu atakhala pa benchi ku Blantyre chifukwa cha ine. Koma makalata oitanira msonkhano ndinatayipa, ndipo ndinayenda ndekha nyumba ndi nyumba kukapereka, kuti wina asadzati sanamve.

Loweruka lachiwiri la Disembala, chaka chomwecho

Kunabwera nyumba makumi atatu ndi imodzi, kuwerengera ndi yanga. Sizinachitikepo. Mipando inachepa, ena anakhala pa njerwa. Nditangotchula mfundo ya chisankho, a Chirwa anadzuka monga mwa masiku onse, anafuula mawu awo aja, ndipo m'manja munalira kuposa kale. Ngakhale anthu a kumunsi anaomba, poti ndani angapinde manja mwini bwalo akumuyang'ana? Ndinadikira kuti phokoso lithe. Kenako ndinaimirira n'kunena kuti kuomba m'manja mulibe m'malamulo athu. Ndinawerenga masamba awiri aja mokweza kuyambira pamwamba mpaka pansi. Munthu wina kumbuyo anatsokomola, ena anayang'ana pansi. A Gondwe anati palibe vuto, tivote, ndipo anayamba ndi iwo kutsinzina.

Simunaonepo, ana anga, anthu akuluakulu makumi atatu atatsinzina masana dzuwa likuswa mtengo, wopenya uli wekha. Nkhope zimasintha. Ndinafunsa kuti amene akufuna malire achotsedwe, komiti ipitirize, akweze dzanja. Ndinawerenga manja khumi ndi asanu. Ndinati atsitse. Ndinafunsanso kuti amene akufuna lamulo likhale, tisankhe komiti yatsopano, akweze. Manja anakwera mwamanyazi, lina kungofika pa khutu, lina kubisala kumbuyo kwa mutu wa mnzake. Limodzi mwa manja amenewo linali la munthu amene mphindi zisanu zapitazo ankaomba m'manja kuposa onse. Ndinawerenga kawiri. Khumi ndi asanu.

Pamenepo ndi pamene panali mayeso a moyo wanga wonse wa ntchito. Palibe ankaona. Ndikanati khumi ndi asanu ndi limodzi mbali ya a Gondwe, ndikanawabwezera zabwino zimene anandichitira, ndipo palibe akanatsutsa. Ndikanati khumi ndi asanu ndi limodzi mbali inayo, zimene ndinkafuna zikanachitika ine osaonekera, a Gondwe n'kumandionabe ngati mwana wawo. Bodza lachiwirili ndi limene linandikoka kwambiri, ndisakunamizeni. Ndinaima pamenepo bolopeni ili m'manja mpaka mayi wina anafunsa ali chitsinzinire ngati mlembi wakomoka. Ndinaganiza kuti ndalemba kale zabodza kawiri m'buku limeneli chifukwa cha mantha, ndipo kachitatu ayi. Ndinati atsegule maso, n'kulengeza kuti mbali ziwiri zafanana.

A Gondwe anamwetulira. Lamulo ankalidziwa, poti linachokera m'kamwa mwawo. Anatembenuza mpando kuti andiyang'ane bwino, n'kuti, "Very good. Mlembi avote." Ndinaona pankhope pawo kuti sankakayika ngakhale pang'ono. Anthu makumi atatu anali atavota mobisa, ine ndekha ndiye ndinayenera kuvota maso onse ali pa ine.

"Nyumba nambala naini ikuti lamulo likhale," ndinatero. "Nthawi yathu inatha kalekale, adada, yanu ndi yanga yomwe."

Panalibe woomba m'manja. A Gondwe anavula magalasi, anawapukuta ndi tayi, anawavalanso. Kenako anaimirira, anathokoza anthu chifukwa chobwera, n'kuuza msonkhano kuti upitirize posankha komiti yatsopano, mipando adzabweze akamaliza. Analowa m'nyumba n'kutseka chitseko mwakachetechete. Tinasankha namwino wina wa mzere wakumunsi kukhala wapampando, a Saidi analowa ngati membala, ndipo ine ndinapereka fayilo kwa mlembi watsopano pomwepo. Kalavati ija inatsegulidwa m'Maloweruka awiri okha, ndi makasu ndi mawilibala obwereka.

Zaka zitatu zotsatira

Chimene sindinachiganizire ndi ichi. Sabata yomweyo anthu anayamba kupita kwa a Gondwe mmodzimmodzi kukapepesa, aliyense akulumbira kuti iye anali m'gulu la khumi ndi asanu a mbali yawo. Pofika Khirisimasi, a Gondwe anali ndi owatsatira pafupifupi makumi atatu, ndipo wowaukira anali mmodzi yekha, wa nyumba nambala naini. Poyamba zinkandiseketsa. Kenako zinayamba kuwawa, chifukwa anthu omwe ndinawaona ndi maso angawa atakweza manja ankati akandiona pamsewu, a Gondwe ali pafupi, ankayang'ana kumbali. Moni wanga a Gondwe anasiya kuyankha. Ndinkaperekabe m'mawa uliwonse podutsa pa geti pawo, ndipo khadi la ukwati ndinakapereka ngakhale ndinkadziwa kuti sabwera. Komiti yatsopano itakwanitsa zaka zitatu inaitanitsa chisankho yokha popanda wokumbutsa, ndipo ndinavota nditatsinzina ngati wina aliyense, koyamba m'moyo wanga.

Epulo wa chaka chino

Masana ena kukuwaza mvula ndinamva kugogoda. Anali a Gondwe, atagwira ndodo, ataonda kwambiri. Ndinawalandira ndi manja awiri, ndinawakhazika pa mpando wabwino n'kuwathirira tiyi. Anafunsa za inu nonse awiri, mayina anu osaiwala. Anati akalamba, masiku awo atsala ochepa, ndipo sakufuna kupita ali ndi chidani ndi mwana amene anamulera pa ntchito. Ndinalira, sindibisa. Kenako anasendeza kapu pambali.

"Masamu ndimawadziwa, Nyaphiri. Anthu fifitini anandikana, koma onse amabwera kwanga kuzamwa tiyi. Inu mwekha ndiye munaona. Ndipatseni mayina, ine na imwe tiiwale vyose."

Ndinawayang'ana. Ndinkafunitsitsa kuti munthu ameneyu andikhululukire, kuposa chinthu china chilichonse chimene ndafunapo mu ukalamba wanga. Mayina onse khumi ndi asanu ndinali nawo m'mutu, mwa ndondomeko ya mmene anakhalira tsiku lija. Koma anthu amenewo anatsinzina chifukwa anakhulupirira kuti wopenyayo sadzayankhula, ndipo sanandiuze kuti chikhulupirirocho chidzatha pakapita zaka zingati. Ndinawauza a Gondwe kuti china chilichonse angapemphe ndichita, ngakhale kuwasamalira pa matenda, koma mayina sindipereka.

A Gondwe anayang'ana kapu ya tiyi ija. Kenako anagwira ndodo, anaimirira movutika, ndipo nditafuna kuwathandiza anakana ndi dzanja. Tiyi anamusiya osamulawa. Ndinawaperekeza mpaka pakhonde. Pa geti panali a Chirwa, akuwadikira ndi ambulera. Anawafunditsa bwinobwino, iwo eni akunyowa, n'kuwagwira mkono kuti asaterereke m'matope. A Chirwa anatembenuka kamodzi kundiyang'ana, nkhope ili ndi mantha, ndipo ine ndinangowagwedezera mutu kuti apite ndi mtendere. Ndinaima pamenepo mpaka awiriwo anakafika kumtunda.

A Gondwe sanabwerenso, ndipo ndikudziwa kuti sadzabwera. Moni ndikuperekabe. Mukawerenga pano mwina mwalota dzina limodzi, limenelo likhale kulota kwanu, ine sindinakuuzeni. Enawo musadzandifunse, ngakhale ndili pa bedi la kuchipatala. Ndinawerenga ndekha, ndipo ndidzapita nawo ndekha.